KUSANKHA MBEU ZACILENDO MVULA ISANAGWE

Abale okhala m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nyengo ya kusosa yafika. Mitengo ya mombo yaphuka masamba ofiira, dzuwa lilikuwala kolimba, ndipo munthu ali yense alikupenya kumwamba kufuna mitambo. Pa misika ya ku Mponela, ku Madisi, ku Dowa ndi ku Ntchisi ogulitsa ayala mbeu za mitundu mitundu m'mapaketi okongola, ndi m'mbali mwa miseu muli mbande za mitengo m'timatumba takuda. Wogulitsa ali yense anena kuti yace ndiyo yoposa zonse. Nanga mlimi acite ciani?

Nkhani iyi si yaing'ono. Munthu asankha mbeu m'mawa umodzi, koma adzadya zoturuka m'kusankhako caka cathunthu. Ndipo ngati wasankha mtengo, adzakhala nao zaka zambiri, iye ndi ana ace. Wolakwa pogula malaya ataya ndalama zokha. Wolakwa pa mbeu ataya ndalama, ataya thukuta, atayanso mvula ya caka cimeneco, imene palibe munthu angathe kuibweza.

Phunziro lathu ndi ili: mbeu yacilendo tiilandire monga makolo athu analandirira mkamwini. Iwo sanampitikitsa cifukwa ali mlendo, komanso sanampatsa munda wonse tsiku lofika. Anayamba afunsa za kwao ndi za abale ace, nampatsa kadera kakang'ono kolima, napenya makhalidwe ace caka cimodzi kapena ziwiri. Atatero, pamenepo anamkhulupirira. Tiyeni tione mafunso amene tiyenera kufunsa mlendo wa m'munda.

1. ZAMBIRI ZIMENE TIDYA ZINALI ALENDO

Ena ati, Ife tidzabzala za makolo zokha. Mau awa ali ndi nzeru yace, monga tidzaona kutsogoloku. Koma tikumbukire kuti makolo omwewo anali anthu olandira alendo. Mbeu zakale za dziko la Africa ndizo mapira, mawere, mcewere, khobwe ndi nzama. Cimanga, cimene lero ticiyesa moyo wathu, kwao ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikuru. Cinafika ku magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi kuyambira zaka za m'ma 1500, nicilowa m'kati mwa dziko pang'ono pang'ono. Cinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, matimati, mapapaya, magwafa ndi fodya, zonsezi zinacokera ku America. Mbatata ya kacewere inatsika ku mapiri a Andes. Mango kwao ndi ku India. Bulugamu ndi makadamiya kwao ndi ku Australia. Makolo athu akadakana alendo onsewa, bwenzi lero tilikudya ciani?

Komatu alendo sabwera ndi zabwino zokhazokha. Fodya wa cikopa anayamba kufala pakati pa alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa citangopita caka ca 1920. Anabweretsa ndalama za msonkho ndi za nsaru, inde. Koma anadyanso nkhuni zosawerengeka, ndipo malo ambiri amene anali nkhalango anatsala poyera. Cotero mbeu siikoma cifukwa iri yatsopano, ndipo siiipa cifukwa iri yatsopano. Coyenera kudziwa mlimi ndico ngati idzakhala bwino pa munda wace ndi pa khomo pace.

2. FUNSO LOYAMBA: KODI MALO ANO AMYENERA?

Dziko lathu lino silifanana ponse ponse. Kumadzulo, ca ku Mponela, Madisi ndi Malomo, kuli cidikha cotambalala, ca nthaka ya katondo ndi madambo otsikira ku mtsinje wa Bua. Pakati pali mapiri, ca ku boma la Dowa, ku Kongwe ndi ku phiri la Ntchisi, kumene cisanu ndi nkhungu zikhalitsa, ndipo minda yambiri iri potsetsereka. Kum'mawa, kupitirira Mvera, dziko litsikira ku Salima ndi ku nyanja; kumeneko kutentha kukula, nthaka iri ya miyala, ndi cinyontho sicicedwa kuuma. Mbeu yokondwa ku Madisi ikhoza kufota kunsi kwa Mvera, ngakhale midzi yonseyo iri m'boma limodzi.

Pa cimanga, funsani poyamba masiku ace ocera. Mvula yathu iyamba kumapeto kwa November kapena m'December, nileka m'March kapena m'April; zaka zina icedwa kuyamba, zaka zina idukiza pakati. Cimanga cocedwa, monga cija acicha Njovu, cifuna cinyontho ca miyezi isanu ndi nthaka yamphamvu, ndipo cikapeza izi cibala koposa. Cofulumira, monga Kanyani, cikhwima pa miyezi inai. Sicibala zambiri monga cinzace, koma cipulumuka mvula ikaleka msanga, ndipo cicotsa njala ya m'February ndi m'March pamene cinzaceco cikali caciwisi. Wolima ku malo otentha ndi ouma asanyengedwe ndi kukula kwa cimanga cocedwa cimene anaciona kwa mbale wace ku dambo.

Ku mapiri kozizira zikondwa nyemba, kacewere, kabici, mapicesi, mapeyala ndi makadamiya. Mango, cinangwa ndi mapapaya zikonda kofunda, ndipo pamwamba pa phiri zikula mocedwa. Musanagule mbande, yendani m'midzi ya pafupi, muone ngati mtengo wa mtundu umenewo ulipo wina wobala bwino pa nthaka yonga yanu. Mtengo wa mnansi ndiwo mboni yoposa mau a wogulitsa. Safunsa anadya phula.

Ndipo inu a minda ya potsetsereka, dziwani kuti mbeu yabwino siithandiza kanthu nthaka ikapita ndi madzi. Mlendo woyamba kumuitana pa munda wotere ndiye udzu wa vetiva, wobzala pa akalozera mopingasa phiri. Mizu yace ilowa pansi ndithu nigwira dothi, ndipo sufalikira m'mizere kukalimbana ndi mbeu.

3. FUNSO LACIWIRI: KODI ADZAGWIRA NCHITO YANJI PA KHOMO?

Mbeu iri yonse iyenera kukhala ndi nchito yace: yina idyetsa banja, yina ibweza mphamvu ya nthaka, yina ibweretsa ndalama. Munthu adziwe cimene cisowa pa khomo pace asanapite ku msika.

Pa za cakudya, oweruza ndiwo amai. Taonani citsanzo ici. Cimanga ca makolo ciri ndi njere zolimba. Cikonoka bwino mu mtondo, mphale icuruka, ndi anankafumbwe sacilowa msanga. Cimanga ca haibridi coyamba kufika kuno cinali ca njere zofewa. Pokonola cinaphwanyika nicipita ku gaga, ndipo m'nkhokwe cinafumbwa msanga. Cifukwa ca ici amai ambiri anacikana, cingakhale cinabala zambiri m'munda, ndipo ena anayesa kukanako umbuli. Sunali umbuli ai. Amaiwo anawerenga ufa wofika m'mphika, pamene ena anawerenga matumba oturuka m'munda. Akatswiri a ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, anamvera mau amenewa, ndipo m'caka ca 1990 anaturutsa MH17 ndi MH18, mitundu ya haibridi ya njere zolimbirapo, imene anthu anailandira. Cotero mwamuna asapite yekha kukasankha mbeu. Apangane ndi mkazi wace, amene adzasinja, adzaphika, nadzaona nkhope za ana pa nsima.

Mlendo wina woyenera kumlandira ndiye mbatata yofiira m'kati. Iyi iri ndi vitamini A, amene athandiza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana pa matenda. Mbatata yoyera iribe wokwanira. Yodziwika kale ndiyo Zondeni. Koma m'caka ca 2011 anaturutsa yina, monga Kadyaubwerere, Kaphulira, Mathuthu, Chipika ndi Anaakwanire. Mizere yowerengeka kuseri kwa nyumba ikwanira kuyambira, ndipo masamba ace ndi kholowa monga mwa masiku onse.

Pa za nthaka, abwenzi athu ndiwo mbeu za mtundu wa nyemba: mtedza, soya, nandolo, khobwe ndi nzama. Zulani tsinde la mtedza kapena la soya, mudzaona timatuza pa mizu. M'menemo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene titenga cakudya ca mbeu mu mpweya ndi kucipereka kwa mbeuyo. Masamba ndi mizu zikaolera m'munda, cimanga ca caka camawa cipeza cotsala. Kasinthasintha wotere acepetsanso kaufiti, amene akonda nthaka yoguga yolimidwa cimanga caka ndi caka. Soya wa Tikolore aca msanga. Koma kumbukirani kuti soya sadyedwa wosakazinga kapena wosaphika bwino. Nandolo kale sanalimidwa kwambiri kuno, pakuti wakale acedwa kufikira mbuzi zitamasulidwa, nizimudya asanace. Wa Mwaiwathualimi aca msangapo, ndipo akhoza kubzalidwa m'munda umodzi ndi mtedza, popeza akula pang'ono pang'ono poyamba, natambalala mtedza utakumbidwa. Ngakhale kutero, mudzi upangane za kumanga mbuzi, pakuti munthu mmodzi sakhoza kulonda munda usana ndi usiku.

Pa za ndalama funso ndi limodzi: adzagula ndani, ndipo kuti? Alimi ena a ku Ntchisi alima makadamiya nagulitsa pamodzi m'magulu ao. Mtengo uwu, ukakhala wolumikiza, uyamba kubala patapita zaka zinai kapena zisanu, ndipo kubala kwace kukula ndi zaka. Uli cuma ca ana; koma wobzala ayambe wadziwa gulu logula, ndipo asadzaze munda wa cakudya ndi mitengo yosabala msanga.

4. FUNSO LACITATU: KODI ADYA CIANI?

Mkamwini wina agwira nchito ya anthu awiri, koma adya nsima ya anthu atatu. Mbeu zina ziri zotero. Cimanga ca haibridi cionetsa mphamvu yace pamene capeza feteleza kapena manyowa okwanira. Pa nthaka yoguga, popanda cakudya, kupambana kwace kucepa. Ndiponso mbeu yace ifuna kugulidwa caka ndi caka. Cifukwa cace ndi ici: haibridi ndi mwana wa makolo awiri osiyana amene akatswiri anawakwatitsa. Mwanayo ali wamphamvu, koma adzukuru satsata iye. Ena atsata agogo a uku, ena a uko, ndipo m'munda muoneka cimanga cacitali ndi cacifupi, zokolola nizitsika. Iripo mitundu yina, monga ZM 523 ndi ZM 623, imene siiri haibridi. Iyi munthu akhoza kusungako mbeu zaka ziwiri kapena zitatu, akasankha cimanga cokhwima bwino ca pakati pa munda, kutali ndi minda ya anzace. Mtedza ndi nyemba sizisintha msanga, ndipo mbeu yace isungika. Koma mbeu ya soya siikhalitsa, ndipo yogonera zaka ziwiri kawiri kawiri siimera.

Tsono musanagule, khalani pansi muwerenge zonse: mtengo wa mbeu, wa feteleza, wa mankhwala, ndi manja amene muli nao pa khomo. Kabici ndi matimati a ku dimba afuna madzi masiku onse ndi mankhwala kawiri kawiri. Walira mvula walira matope. Ndipo musatenge ngongole ya katapila cifukwa ca mbeu imene simunaiyese. Mbeu ikakana, mwini ngongole sakana kubwera.

Mitengo nayonso idya. Bulugamu apatsa milimo yowongoka ndi nkhuni, koma amwa madzi ambiri, ndipo mbeu za pafupi naye zifota. Pansi pa malaina sipamera kanthu kokondweretsa. Iyi ibzalidwe pa malo a miyala, kutali ndi munda, ndi dimba, ndi citsime. Koma ilipo mitengo yodyetsa munda. Msangu, umene uli wa kwathu konkuno, uyoyola masamba m'dzinja, pamene mitengo yina iri ndi mthunzi. Cotero cimanga ca pansi pace cipeza dzuwa ndi manyowa pamodzi. Ukula pang'ono pang'ono, ndipo wopeza kamsangu komera kokha m'munda akasunge. Gilisidiya, wocokera ku America, anamuyesa pamodzi ndi cimanga ku Makoka, pafupi ndi Zomba, kuyambira zaka za m'ma 1990. Iye afuna kumsadza kawiri kawiri ndi kukwirira masamba ace m'mizere, ndipo phindu lace lioneka patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Waulesi pa kusadza adzapeza mthunzi m'malo mwa cimanga.

5. FUNSO LACINAI: KODI SANABWERE NDI NTHENDA?

Apa pafunika kucenjera kwakukuru, pakuti colakwa ca munthu mmodzi cigwera mudzi wonse. M'caka ca 1994 nthenda ya nthoci yochedwa cisaka inaoneka ku Nkhotakota, kwa anansi athu a kum'mawa. Nthoci yodwala iturutsa masamba aang'ono oimirira mothinana pamwamba, ndipo siibala. Nthendayi iyenda ndi nsabwe za nthoci, koma ulendo wautali iyenda ndi anthu onyamula ana a nthoci kucokera ku munda wodwala. Inaononga minda yambiri ku Nkhata Bay, ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene mabanja anadalira nthoci pa ndalama zao. Mankhwala ace palibe, koma kuzula phata lonse ndi kuliononga. Cifukwa cace musalandire mwana wa nthoci wosadziwika kwao, angakhale wopatsayo ali mbale wanu. Pitani mukaone mai wace ali m'munda.

Lamulo lomweli likhudza mbeu zonse zobzala ndi tsinde, ndi cingwe, kapena ndi muzu. Mitengo ya cinangwa itengedwe pa cinangwa ca masamba osakwinyika ndi opanda mawanga acikasu. Pogula mbeu ya kacewere, dulani zingapo pakati. Mukaona mzere wodera wozungulira m'kati, kapena madzi onga mafinya, isiyeni, pakuti nthenda yofotetsa imeneyo ikalowa m'nthaka ikhalamo zaka.

Mwinanso mlendo mwini ndiye nthenda. Namasupuni anacokera ku South America, ndipo anthu anamtenga m'maiko ambiri cifukwa ca duwa lace lokongola. M'mtsinje wa Shire anacuruka natseka njira za mabwato, nabvuta makina a magetsi. Lantana nayenso anafika monga duwa la mpanda, ndipo tsopano alanda mabusa ndi m'mbali mwa minda. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Comera ciri conse cofesa njere zambiri ndi kumera cokha pali ponse, muyambe mwafunsa alangizi a zaulimi musanacibzale.

Cenjeraninso ndi mbeu yonyenga. Alipo anthu osaongoka mtima amene apaka utoto cimanga ca m'nkhokwe nacigulitsa monga mbeu. Gulani kwa wogulitsa wokhazikika, amene mudzampeza pomwepo mwezi wamawa. Penyani kuti paketi iri yosatsegula, ndi kuti iri ndi cizindikilo ca oyesa mbeu ndi caka cace. Ndipo sungani paketiyo ndi lisiti kufikira mbeu itamera. Mbeu iri yonse, yogula kapena yosunga, muiyese mvula isanagwe. Werengani njere 100, muzibzale m'mcenga wonyowa pa mthunzi, muzithirira, ndipo atapita masiku 7 kufikira 10 muwerenge zomera. Zikamera 85 kapena kuposa, mbeuyo iri bwino. Zikamera theka lokha, funani yina nthawi ikalipo. Pakuti kubwereza kubzala m'January ndiko kutaya masabata amene cimanga ciwafuna koposa.

6. KAYESEDWE KA MBEU YATSOPANO

Mlendo akayankha bwino mafunso anaiwa, mpatseni kadera kace. Macitidwe ace ndi awa.

Coyamba, patulani mizere khumi, kapena gawo limodzi la magawo khumi a munda, osaposa apa. Ikakana, banja silidzagona ndi njala.

Caciwiri, ibzaleni pambali pa mbeu yanu yakale, pa nthaka yofanana, tsiku limodzi, ndi manyowa ofanana, ndi kupalira kofanana. Ambiri alakwa apa: aika yatsopano pa culu kapena pa khola lakale, naithira feteleza yense, nadabwa kuti yapambana. Kumeneko si kuyesa ai. Ndipo musabzale ndi cizimalupsya. Dikirani mvula yolowa pansi.

Cacitatu, zikani zikhomo, ndipo lembani m'kabuku dzina la mbeu, tsiku lobzala, tsiku loturutsa maluwa kapena ngaiyaye, ndi tsiku lokolola. Lembaninso za matenda, za mbozi, ndi za masiku amene mvula inadukiza. Mtima uiwala, koma pepala siliiwala.

Cacinai, kololani padera, muyese ndi dengu limodzi kapena ndowa imodzi, mizere khumi ya yatsopano ndi mizere khumi ya yakale.

Cacisanu, kuyesa sikutha pa kukolola. Sungani padera, mupenye itapita miyezi itatu ngati yafumbwa. Amai asinje, aphike, banja lilawe.

Cacisanu ndi cimodzi, bwerezani caka caciwiri. Caka cimodzi cikhoza kunama: ca mvula yambiri cikometsa mbeu yocedwa, ca cilala cikometsa yofulumira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mtedza utiphunzitsa cifukwa cace kuyesa kotere kuli kofunika. Chalimbana ali ndi njere zazikuru zokoma, koma acedwa, ndipo khate limgwira. CG7, wofiira uja, amene anaturuka m'caka ca 1990, abala zambiri ndipo ali ndi mafuta ambiri, koma khate limgwiranso. Nsinjiro, wa m'caka ca 2000, apirira khate. Caka copanda khate munthu sadzaona kusiyana kwace kweni kweni. Caka ca khate ndico cidzaulula. Ndipo mtundu uli wonse uthandizidwa ndi kubzala msanga ndi mothithikana, pakuti nsabwe zonyamula khate zikonda mtedza wa patali patali.

Munthu mmodzi sakhoza kuyesa mbeu zonse. Mutu umodzi susenza denga. Pa mudzi panganani: uyu ayese soya, uyo nandolo, winayo mbatata yofiira, pa masika muyendere minda pamodzi, ndipo yense anene zoona, zokoma ndi zoipa zomwe. Yopambana mugawane mbeu yace.

7. MUSATAYE MBEU ZA MAKOLO

Mkamwini akakoma, sitipitikitsa eni mudzi. Mtundu wa anthu wodalira mbeu imodzi uli pa ngozi. Ku Ireland anthu osauka anadalira kacewere yekha, makamaka wa mtundu umodzi. M'caka ca 1845 ciwau cinagwa pa minda yao, nicibweranso zaka zotsatana, ndipo anthu ngati 1,000,000 anafa ndi njala ndi matenda, enanso ocuruka cotero anathawa m'dziko. Kuno kwathu akuru akumbuka njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tinaona ya 2002. Mtengo wa lukina unabzalidwa kwambiri monga cakudya ca ng'ombe ndi manyowa a m'munda, koma m'zaka za m'ma 1990 kunafika kacilombo koyamwa nsonga zace, nikauononga m'malo ambiri. Ndipo m'dzinja la 2016 ndi 2017 kunafika nchemberezandonda za mtundu watsopano zocokera ku America, zimene zikonda cimanga koposa mbeu zina. Cinangwa ndi mbatata sizizisamala kweni kweni. Wobzala mitundu yambiri, cina cikagwa, cina ciimirira.

Cotero sungani cimanga ca makolo pang'ono caka ndi caka, kutali ndi ca haibridi kuti cingasakanizike. Sungani mawere, nzama, khobwe ndi maungu. Mbeu imene agogo anaisankha zaka zambiri pa phiri lomweli idziwa nthaka yace ndi mvula yace, ndipo ikatayika siigulidwa m'sitolo. Momwemonso ndiwo zathu: bonongwe, luni, cisoso, denje, nkhwani, citambe ndi khwanya. Izi sizifuna mankhwala, zimanga thupi kosacepera kabici, ndipo zifutsika kuti pa cilimwe pakhale mfutso. Wobzala repu ndi kabici acita bwino. Koma asiye malo a bonongwe. Ndipo posweka mphanje kapena podula nkhuni, lekani misuku, miula ndi nthudza. Zipatso zace zidyetsa ana popanda wozithirira.

8. ZA KUBZALA MITENGO YA ZIPATSO

Titsirize ndi mau pang'ono kwa ogula mbande. Mtengo wolumikiza, wa mango, wa malalanje kapena wa mapeyala, uyamba kubala patapita zaka zitatu kapena zinai, ndipo zipatso zace zifanana ndi za mtengo umene anadulako nthambi. Womera pa njere ucedwa, ndipo sudziwika cimene udzabala. Penyani cipsyera ca polumikiza, kuti capola bwino. Musasankhe mbande yaitali yokhalitsa m'kathumba, imene mizu yace yapotana. Yaifupi ya tsinde lolimba ndi masamba obiriwira iposa.

Kumbani dzenje tsopano, mvula isanagwe, masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya kwace. Dothi la pamwamba muike padera, mulisakanize ndi manyowa oola bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje. Bzalani mvula itakhazikika, m'December kapena kuciyambi kwa January, mutacotsa kathumba, ndipo polumikiza pakhale pamwamba pa dothi. Mphukira zoturuka kunsi kwa polumikiza muzicotse. Mangani mpanda wa minga tsiku lomwelo, pakuti mbuzi siidikira mawa. Pa cilimwe coyamba thirirani, ndi kuphimba pansi ndi udzu, osaugunditsa ku tsinde cifukwa ca ciswe. Mitengo isanu yosamalidwa iposa makumi asanu yotayidwa m'chire. Cifukwa cace gulani monga mwa madzi amene mukhoza kusenza m'October.

Abale, masiku atsala pang'ono. Inu odziwa kuwerenga, muwerengere anzanu mau awa pa bwalo, ndipo mukambirane amuna ndi akazi pamodzi, kuti pofika mvula yense adziwe cimene adzabzala, ndi pamene adzacibzala, ndi cifukwa cace.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chulani mbeu zisanu za kale lomwe za dziko la Africa, ndi zisanu zocokera kutsidya kwa nyanja.
2. Munda wanu uli ku cidikha, ku phiri, kapena kotsikira ku nyanja? Cimanga cocedwa kapena cofulumira, ciuyenera nciti?
3. Amai anakaniranji cimanga ca haibridi coyamba cija?
4. Cifukwa ninji mbeu ya haibridi siibwerezedwa?
5. Cisaka ciyenda bwanji kucokera ku mudzi wina kufika ku wina?
6. Fotokozani kayesedwe ka njere 100.
7. Ndi mbeu ziti za makolo zimene zirikusowa pa mudzi panu, ndipo ndani akali nazo?